Shuga wa mumkaka ndi yisiti amene amamudya



Mlimi aliyense wa ng'ombe za mkaka amadziwa kuwawa kwa kubwerera kunyumba ndi chigubu chodzadza. Mkaka ukachedwa kufika pamalo osonkhanitsira, kapena magetsi akathima usiku wonse thanki n'kulephera kuziziritsa, ogula amaukana. Wina umagulitsidwa motchipa m'mbali mwa msewu, wina umasanduka chambiko, wina umangokhuthulidwa pansi. Choncho makomiti akakhala pansi kulemba ntchito zoti zilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo, n'zosadabwitsa kumva funso lakuti: kodi mkaka wotayikawu sungapangidwe chinthu china chogulitsika, chomwe sichisasa? Kodi si zoona kuti kumayiko ena amatenga mafuta a galimoto ku mkaka? Yankho lake n'lakuti inde, zimachitika. Koma yankho lalifupi chotere likhoza kusocheretsa, ndipo ndalama za chitukuko n'zochepa kwambiri moti sizoyenera kulowa pa ntchito yomwe anthu sanaimvetse bwino.

Mumkaka muli shuga. Si shuga wa nzimbe amene amathiridwa mu tiyi, ndipo satsekemera kwambiri, n'chifukwa chake ambiri sadziwa kuti alimo. Dzina lake ndi lactose. Mu lita imodzi ya mkaka wa ng'ombe mumakhala magalamu pafupifupi 48 a shuga ameneyu, pamene mkaka wa m'mawere a mayi umakhala ndi wochulukirapo, magalamu pafupifupi 70. Kanthu kalikonse ka lactose n'kopangidwa ndi tizigawo tiwiri togwirana, kena kotchedwa glucose, kena galactose. Thupi la munthu silingagwiritse ntchito shugayu tizigawoto tisanalekanitsidwe. Yisiti nayenso chimodzimodzi. Pamafunika chida chodulira mfundoyo, ndipo chidacho ndi enzaimu yotchedwa lactase.

Mawu akuti enzaimu ndi achilendo, koma ntchito yake amayi a kuno akhala akuiona kuyambira kalekale. Phala la ufa wa chimanga silitsekemera. Akathiramo chimera, phalalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera ngakhale palibe wathiramo shuga, ndipo apo ndi pomwe thobwa amayambira. Chimene chachitika n'chakuti mawere kapena chimanga pomera chinapanga maenzaimu odula chakudya cha mu ufa kukhala shuga. Enzaimu si kachilombo, ilibe moyo, siberekana. Ndi chida chomwe chamoyo chimadzipangira kuti chifulumizitse ntchito imodzi yokha, ndipo sichitha pogwira ntchitoyo, chimangobwereza. Enzaimu ya m'chimera singadule shuga wa mumkaka, monganso lactase singatsekemeretse phala.

Apa ndi pamene pagona vuto loyamba. Yisiti amene amafufumitsa mandasi ndi buledi, yemweyonso amene amawiritsa mowa, akatswiri amamutcha Saccharomyces cerevisiae. Ndi katswiri pa shuga wa nzimbe, koma lactose sangamudye: alibe njira yomulowetsera m'thupi mwake, ndiponso alibe enzaimu yomudulira. Munthu akathira yisiti wa mugolosale mumkaka n'kumayembekeza mowa, adzadikira mpaka mkakawo kusasa. Alipo mtundu wina wa yisiti, wotchedwa Kluyveromyces, dzina lolemekeza Albert Jan Kluyver, katswiri wa tizamoyo ting'onoting'ono wa ku Delft m'dziko la Netherlands. Mitundu iwiri ya m'banja limeneli ndiyo imagwiritsidwa ntchito kwambiri: Kluyveromyces lactis ndi Kluyveromyces marxianus. Iyi ili ndi zonse ziwiri, khomo lolowetsera lactose ndi enzaimu yomudulira. Wachiwiriyu ali ndi khalidwe lina lomwe mayiko otentha angalikonde, pakuti amakulabe ngakhale kutentha kufike madigiri 45, pamene yisiti wa buledi amakhala atafooka kale.

Anthu anayamba kugwira ntchito ndi yisiti wotere asanamuone n'komwe pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono. Abusa a ziweto a ku Mongolia, Kazakhstan ndi Kyrgyzstan amakama mahatchi aakazi n'kuwiritsa mkakawo kukhala chakumwa choledzeretsa pang'ono, chomwe ena amati kumis, ena airag. Mkaka wa hatchi uli ndi shuga wambiri kuposa wa ng'ombe, motero umawira bwino. Kumapiri a Caucasus kunachokera kefir, mkaka wowawasa womwe umapangidwa ndi mabakiteriya ndi yisiti pamodzi. Chambiko cha kuno chimasiyana nazo chifukwa ntchito yaikulu amagwira ndi mabakiteriya, omwe amasandutsa gawo lina la lactose kukhala asidi wowawasa, osati mowa.

Yisiti akapeza shuga pamalo popanda mpweya, amamuphwanya n'kutulutsa zinthu ziwiri: ethanol, amene ndi mowa weniweni wopanda chosakaniza, ndi mpweya wa carbon dioxide, womwe umaoneka ngati thovu mu mbiya ya mowa. Masamu ake ndi odziwika ndipo sasintha. Kilogalamu imodzi ya lactose singatulutse ethanol woposa magalamu 538, kutanthauza magawo awiri mwa atatu a lita imodzi, ndipo pa ntchito yeniyeni amachepera apo chifukwa yisiti amadyako shuga wina kuti akule. Nambala imeneyi ndi yofunika kuisunga m'mutu, pakuti ndiyo imagamula nkhani yonse ya fakitale.

Mafakitale omwe amapanga ethanol wotere satenga mkaka wabwino. Amatenga madzi otsala popanga tchizi, amene Angerezi amati whey. Malita 10 a mkaka amatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya tchizi, n'kutsala malita pafupifupi 9 a madzi achikasu mobiriwira. Mafuta ndi zomanga thupi zambiri zimapita ku tchizi, koma shuga pafupifupi yense amatsalira m'madziwo. Kwa zaka zambiri opanga tchizi ankaona madziwa ngati mtolo wosautsa. Akathiridwa mumtsinje, tizilombo ta m'madzi timadya shugayo n'kumaliza mpweya womwe nsomba zimapuma, nsombazo n'kufa, mtsinje n'kuyamba kununkha. Pa kumaliza mpweya wa m'madzi, lita imodzi ya madzi a tchizi imaposa lita ya zonyansa za m'suweji nthawi 100 kapena kupitirira. Mkaka wathunthu ndiye umaposanso pamenepo, ndipo ili ndi chenjezo kwa aliyense amene amakhuthulira mkaka wokanidwa m'khwawa lomwe ena amatungamo madzi kumunsi.

Kampani ya Carbery, yomwe ili ku Ballineen m'chigawo cha Cork ku Ireland, inayamba kupanga ethanol kuchokera ku madzi a tchizi m'chaka cha 1978, ndipo njira yake ndiyo ena anatengera. Amayamba asefa madziwo pa sefa zamabowo osaoneka ndi maso kuti achotse zomanga thupi zotsalira, zomwe amaziumitsa n'kugulitsa pa mtengo wabwino. Madzi a shuga otsalawo amawathira m'matanki akuluakulu pamodzi ndi yisiti. Akawira, amapatula yisiti kuti amugwiritsenso ntchito, ndipo madziwo amawatcheza. Ku New Zealand, dziko lomwe ng'ombe za mkaka zimachuluka pafupifupi ngati anthu, njirayi inakhazikika kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kumalo monga Reporoa, Edgecumbe ndi Tirau. Ku Leppersdorf, kufupi ndi Dresden ku Germany, fakitale yaikulu ya mkaka inamanganso gawo lopangira ethanol wa galimoto. Ethanol wotere amapita ku zakumwa, ku mankhwala, ku zodzola ndi ku mafuta a galimoto. Chofanana pa malo onsewa n'chimodzi: fakitale ya ethanol inamangidwa pafupi ndi fakitale ya tchizi yomwe inalipo kale, yolandira mkaka wochuluka zedi tsiku lililonse, ndipo inabwera kudzathetsa vuto la zotsalira.

Tsono masamu aja abwere. Malita 1,000 a madzi a tchizi amakhala ndi makilogalamu 45 mpaka 50 a shuga. Zonse zikayenda bwino, amatulutsa malita pafupifupi 30 a ethanol. Motero lita imodzi ya ethanol imafuna malita pafupifupi 35 a madziwo, omwe amachokera ku malita pafupifupi 40 a mkaka. Kafakitale kakang'ono kotulutsa malita 1,000 patsiku kangafune kuti malita pafupifupi 40,000 a mkaka azipita ku tchizi tsiku ndi tsiku. Ng'ombe iliyonse ikamapereka malita 10, ndiye kuti ng'ombe 4,000 zokamidwa, mkaka wake wonse kupita malo amodzi, chilimwe ndi dzinja lomwe. Ndipo wofuna kuwiritsa mkaka wathunthu aone yekha: malita 30 kapena kuposerapo a mkaka kuti apeze lita imodzi ya mafuta. Palibe msika padziko pano pomwe malonda otere angapindule.

Vuto lachiwiri ndi moto. Madzi a tchizi akawira amakhala ndi ethanol wochepa, magawo atatu okha pa 100 alionse kapena kuzungulira pamenepo. Enawo ndi madzi. Aliyense amene anaonapo kutcheza kachasu amadziwa mfundo yake: ethanol amasanduka nthunzi pa madigiri 78, madzi pa madigiri 100, choncho ukatenthetsa, mowa umatsogola kutuluka. Koma mowa ukachepa m'chotchezedwacho, nkhuni zimapita zambiri pa botolo limodzi. Yerekezani ndi molasesi, zotsalira popanga shuga wa nzimbe, zomwe pafupifupi theka la kulemera kwake ndi shuga. Molasesi akawira amapereka ethanol wochuluka katatu kuposa madzi a tchizi, ndipo amasungika miyezi osaonongeka, pamene madzi a tchizi amasasa tsiku lomwelo akapanda kuziziritsidwa. Dziko la Malawi limagwiritsa ntchito molasesi. Fakitale ya EthCo ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota yakhala ikupanga ethanol kuyambira 1982, ya PressCane ku Chikwawa inayamba mu 2004, ndipo ethanol wawo amasakanizidwa ndi petulo. Ethanol wa mumkaka akanati apangidwe kuno, akanapikisana ndi ameneyu, ndipo akanagonja. Ena amayesa kuumitsako madzi a tchizi kuti shuga achuluke asanawiritse, koma kuumitsako kumafunanso magetsi, ndipo yisiti wa Kluyveromyces sapirira mowa wambiri ngati mnzake wa buledi.

Mwina n'zoseketsa kuti ethanol ali kale pa malo osonkhanitsira mkaka, koma ngati woweruza. Poyeza mkaka amathira pang'ono m'kachubu n'kusakaniza ndi ethanol. Mkaka ukadukaduka, ndiye kuti wayamba kusasa kapena ng'ombeyo ili ndi vuto la bere, ndipo chigubucho chimabwezedwa.

Mbali ya enzaimu ndiyo ili ndi phindu lalikulu, ngakhale simveka kwambiri. Mwana aliyense, kupatula ochepa kwambiri, amabadwa ndi lactase yokwanira m'matumbo, ndipo n'chifukwa chake mkaka wa m'mawere ndi chakudya chake chokwanira. Koma kwa anthu ambiri enzaimuyi imachepa akasiya kuyamwa. Akatswiri amayerekeza kuti akuluakulu awiri mwa atatu padziko lonse sagaya bwino lactose. Anthu a kumpoto kwa Ulaya ndi mitundu yoweta ng'ombe kuyambira makedzana, monga Amasai ndi Afulani, ambiri amasunga enzaimuyi moyo wonse, pamene pakati pa mitundu ya alimi a kuno kumwera kwa Africa kuchepa kwake n'kofala. Shuga wosagayikayo amafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya n'kumudya, munthu n'kumva m'mimba kutupa, kulira, mwinanso kutsekula. Ambiri amene amati mkaka sugwirizana nawo vuto lawo ndi limeneli. Si matenda, si ufiti, ndiponso si umboni woti mkakawo unali woipa. Anthu otere nthawi zambiri amamwa chambiko kapena yogati popanda vuto lalikulu, chifukwa mabakiteriya amakhala atadyako kale gawo la shugayo, ndipo mkaka wochepa wa mu tiyi kapena womwera pa chakudya sawasautsa. Izi zikukhudza ana okulirapo ndi akuluakulu. Khanda likamatsekula m'mimba, mayi apitirize kuyamwitsa ndipo athamangire kuchipatala.

Makampani a mkaka amagula lactase n'kuthira pang'ono chabe mumkaka wozizira, n'kuusiya pafupifupi tsiku limodzi. Shuga amadulidwa, mkaka umatsekemera pang'ono kuposa kale, ndipo amene ankaudandaula amaumwa bwinobwino. Lactase yambiri yogwiritsidwa ntchito motere imachokera kwa yisiti yemweyu wa Kluyveromyces lactis. Chochititsa chidwi n'chakuti yisitiyo amapanga enzaimu yambiri akaona lactose. Akapatsidwa glucose, shuga wosavuta kudya, saivutikira. Motero madzi a tchizi ndi chakudya chabwino pa ntchitoyi: ndi otchipa, ndipo okha amamuuza yisiti chida choyenera kupanga.

N'zotheka kukolola zonse ziwiri m'thanki imodzi, ethanol m'madzi ndi enzaimu m'matupi a yisiti, ndipo ofufuza akhala akuyesa njira zosiyanasiyana kuti zitheke mopindulitsa. Chovuta n'chakuti ziwirizi zimakokerana. Thanki ikauziridwa mpweya wambiri, yisiti amaberekana kwambiri, enzaimu imachuluka, koma ethanol amachepa. Mpweya ukatsekedwa, ethanol amachuluka, koma yisiti sakula kwenikweni. Woyendetsa fakitale ayenera kusankha chomwe akufuna kwambiri, kapena kugawa ntchito pawiri, kuyamba ndi mpweya kuti yisiti achuluke, kenaka kuutseka. Kuwonjezera apo, enzaimuyi imakhala mkati mwa thupi la yisiti, situlukira m'madzi. Pamafunika makina opatula yisiti, ena oswa matupi ake, ena osefa ndi kuyeretsa, kenaka kusunga pozizira, chifukwa lactase imaonongeka ikatenthedwa. Thanki ikalowa tizilombo tachilendo, ntchito yonse ya tsikulo yatayika. Ndi ntchito yofuna madzi oyera osadukiza, magetsi odalirika ndi anthu ophunzira bwino. Malo ake oyambira m'dziko muno ndi m'zipinda zofufuzira za masukulu a ukachenjede monga LUANAR ku Bunda ndi MUST ku Thyolo, osati pa bwalo la gulu la alimi. Achinyamata a m'wodi muno amene akukhoza masamu ndi sayansi adziwe kuti maphunziro amenewa alipo, ndiponso kuti ali ndi ntchito.

Kodi wodi ipemphe chiyani, ngati fakitale ya mafuta yalephera pa masamu? Choyamba n'chakuti mkaka usamafike posasa. Mtengo wa mkaka wozizira, wolandiridwa ndi ogula, umaposa kutalitali chilichonse chomwe chingapezeke pa mkaka woonongeka. Choncho magetsi a dzuwa pa thanki yoziziritsira, jenereta yokonzedwa bwino, mjigo pafupi ndi malo osonkhanitsira, zigubu zachitsulo zotsukika bwino m'malo mwa zapulasitiki, ndi kamsewu kodutsika nthawi ya dzinja, ndizo ntchito zomwe zimabweza ndalama m'thumba la mlimi mwezi womwewo. Si ntchito zotchuka pa msonkhano, koma phindu lake limaoneka pa risiti.

Chachiwiri n'kusandutsa mkaka wotsala ukadali wabwino. Chambiko ndi yogati zili ndi msika kale. Tchizi chofewa sichifuna makina odula: ku India amawiritsa mkaka n'kuthiramo madzi a mandimu, mkaka n'kudukana, iwo n'kufinya pa nsalu yoyera, ndipo chotulukacho amachitcha paneer n'kuchiphika ngati ndiwo. Gulu lofuna kugulitsa zoterezi liyenera kudutsa ku bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, ndipo mkaka wa ng'ombe yodwala bere kapena yomwe yabayidwa mankhwala posachedwa usalowemo ayi. Mankhwala otsalira mumkaka amapha mabakiteriya opanga chambiko, ndiponso ndi oopsa kwa womwa.

Koma walira mvula walira matope. Gulu likayamba kupanga tchizi, madzi achikasu aja afika, malita 9 pa kilogalamu iliyonse, ndipo komiti iyenera kufunsa komwe azipita ntchitoyo isanavomerezedwe. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017 sililola kuthira zoononga m'mitsinje. Mwamwayi, pa muyeso wa gulu la alimi madziwa ali ndi ntchito zosafuna yisiti wapadera. Ku Parma m'dziko la Italy alimi akhala akunenepetsa nkhumba ndi madzi otsala popanga tchizi kwa zaka mazanamazana, ndipo nyama ya nkhumba zimenezo ndi yotchuka dziko lonse. Kuno akhoza kusakanizidwa ndi madeya, kuyamba pang'onopang'ono kuti ziweto zizolowere, ndipo aperekedwe tsiku lomwelo. Akhozanso kuthiridwa pang'ono m'dzenje lopangira gasi wophikira pamodzi ndi ndowe, koma osachulutsa, chifukwa akachuluka dzenje limawawasa, gasi n'kusiya kutuluka. Anthu a ku Italy amawawiritsanso kachiwiri n'kupeza tchizi china chotchedwa ricotta, ndipo ku Switzerland amapanga nawo chakumwa chozizira cha m'mabotolo chotchedwa Rivella. Ngakhale kukandira ufa wa sikono ndi madzi amenewa m'malo mwa madzi wamba kumawonjezera chakudya.

Za kutcheza, gulu lililonse lidziwe kuti kupanga ethanol wogulitsa kumafuna ziphaso ndiponso kumalipiridwa msonkho, ndipo wosakaniza ndi petulo ayenera kuchotsedwa madzi pafupifupi onse, chinthu chomwe mgolo ndi paipi sizingachite. Kutcheza wamba, ngakhale kwa makina abwino, kumathera pa magawo 96 pa 100.

Mafomu a ndondomeko za chitukuko za m'midzi akamafika, komiti iliyonse ya m'dera loweta ng'ombe za mkaka ikhale ndi manambala atatu m'manja: malita omwe amasonkhanitsidwa patsiku nthawi ya dzinja ndi ya chilimwe, malita omwe anakanidwa m'miyezi 12 yapitayi, ndi chifukwa chomwe anakanidwira. Mabuku a pa malo osonkhanitsira ali ndi zimenezi, ndipo alangizi a ziweto akhoza kuthandiza kuwerengetsa. Wina akadzabwera ndi maganizo a fakitale ya ethanol wa mumkaka, afunsidwe kuti malita 35,000 a madzi a tchizi patsiku aziwatenga kuti, ndiponso kuti moto wotchezera ulipiridwa ndi yani.